Musanagule winch, yambani mwagula fosholo

Walira mvula walira matope, amatero akuluakulu. Ku Mkanda m'boma la Mchinji mwambi umenewu sufuna womasulira. Kuyambira mu Disembala mpaka mu Malichi, mvula imene imameretsa soya, mtedza ndi fodya ndi yomweyonso imasandutsa timisewu ta kuminda ndi ku maesiteti kukhala phala. Pamtunda pali katondo woterera ngati sopo. Mukatsetserekera kudambo mumapeza makande akuda, amene amagwira tayala osafuna kulisiya.

Mwina mukuti nkhani ya Land Cruiser ikukukhudzani bwanji inu woyenda pa kabaza. Dikirani kaye. Ambiri a ife magalimoto amenewa timawagwira ngakhale si athu. Wina walembedwa udalaivala ku bungwe, wina watumidwa ndi malume kukasiya feteleza kumunda, wina wabwereka Hilux ya mlamu kuti aperekeze maliro kumudzi. Ena mwasonkherana pachibale n'kugula Prado yakale kuti muzikagulira mbewu m'misika ya kumalire. Tsiku limene galimotoyo idzatitimire, mwini wake adzakhala ali ku Lilongwe, pa mtunda wa makilomita oposa 100. Woyang'anizana ndi matopewo mudzakhala inu.

Pa TikTok ndi pa YouTube zimaoneka zophweka: galimoto yamira, ina yabwera ndi liwiro, lamba wakoka, onse akuwomba m'manja. Ndiye munthu akapeza ndalama amathamangira winch ndi lamba wonenepa kuposa onse m'sitolo. Ine ndikuti ndandanda umenewo ndi wozondoka. Ziwiya zotulutsira galimoto yolemera zimasankhidwa poyang'ana kulemera kwake, ndipo zoyamba kugula ndi zimene zimachepetsa ntchito yokoka. Zokoka mwamphamvu zimabwera pomaliza, chifukwa ndi zimenenso zimapha anthu.

Nambala yoyamba kuidziwa

Musanalowe m'sitolo iliyonse, pezani nambala yotchedwa GVM. Imeneyi ndi kulemera kwa galimoto itanyamula zonse zimene inaloledwa kunyamula: anthu, mafuta ndi katundu. Imalembedwa pa kachitsulo kokhomedwa pafupi ndi chitseko kapena mu injini, komanso m'buku la galimotoyo. Pikapu ya Land Cruiser 79 imakhala pakati pa makilogalamu 3,200 ndi 3,500, kutengera chaka ndi dziko limene inapangidwira. Hilux ya zitseko zinayi ili cha m'ma 3,000.

Ambiri amawerengera kulemera kwa galimoto yopanda kanthu. Komatu ku Mkanda ndani amayenda wopanda kanthu? Matumba 20 a soya a makilogalamu 50 ndi tani yathunthu. Onjezani anthu asanu, zigubu za dizilo ndi njinga ya munthu amene mwamutola panjira. Galimoto imatitimira italemedwa, choncho ziwiya zake ziyenera kuyezedwa ndi kulemera kumeneko.

Matope nawo amawonjezera zawo. Mabuku ophunzitsira asilikali a ku America kutulutsa magalimoto ali ndi kawerengedwe kosavuta kukumbukira. Galimoto ikamira matayala, mphamvu yoizulira imafanana ndi kulemera kwake. Matope akakwera kupitirira matayala n'kugwira thupi la galimoto, mphamvuyo imawirikiza kawiri. Ndiye kuti galimoto ya matani atatu yokhala pamimba m'makande ingafune kukoka kwa matani sikisi. Ganizirani kachingwe kabuluu komangira katundu kamene kali kuseri kwa mpando wanu. Kangapirire zimenezo?

Nkhani yabwino ndi yakuti nambala imeneyi mukhoza kuitsitsa ndi manja anu.

Zotsika mtengo ndi zimene zimagwira ntchito yaikulu

Choyamba ndi fosholo ya mpini wautali, pamodzi ndi khasu. Galimoto yolemera kawirikawiri siikanika chifukwa cha matayala okha. Imakhala kuti difu kapena chassis yakhala pansi, matayala akungozungulira m'madzi osaponda kanthu. Mukakumba pansi pa difu ndi kutsogolo kwa tayala lililonse, mwachotsa chimene chikuigwira. Mpini wautali ndi wofunika kuti mufike pakati osalowetsa mutu pansi pa galimoto. Khasu limadula makande bwino kuposa fosholo, ndipo zonse ziwiri mungazipeze pa msika wa pa Mkanda pomwepo.

Chachiwiri ndi geji yoyezera mpweya ndi kompuresa yaing'ono yolumikiza ku batire. Tayala likaphwetsedwa pang'ono limaponda malo aakulu, ndipo galimoto siimira msanga. M'matope ambiri amatsitsa mpweya kufika pakati pa 1.5 ndi 1.8 bar, kapena 22 mpaka 26 psi. Ngati mwanyamula katundu wolemera musatsitse kwambiri kumbuyo. Samalaninso ndi ma Land Cruiser akale a matayala okhala ndi chubu, chifukwa mpweya ukachepa kwambiri chubu chimapanika kapena kung'ambika pa valavu. Kompuresa ndi yoti mupopenso musanakwere pa tara, poti tayala lophwa likathamanga limatentha n'kuphulika. Sankhani yokhala ndi zopanira pa batire. Timakompuresa tolowetsa pa soketi ya m'kati timatentha tisanamalize ngakhale matayala awiri a 4x4.

Chachitatu ndi zoponderapo matayala. Pali matabwa apulasitiki a mano, monga a MAXTRAX ochokera ku Australia ndi ena otengera pamenepo. Amagwira ntchito, koma ali ndi lamulo limodzi: musazungulitse matayala pamwamba pake, chifukwa mano ake amasungunuka. Giya yotsika, moto pang'ono. Amangireninso chingwe, apo ayi matope amawameza ndipo mudzawafufuza mpaka dzuwa kulowa. Ngati thumba silikulola, masaka opanda kanthu asanu kapena khumi amathandiza. Mumathiramo mchenga kapena miyala n'kuika pansi pa tayala. Kumudzi masaka sasowa.

Chachinayi ndi jeke wamphamvu wa hayidiroliki ndi thabwa lochindikala lomukhazikapo. Jeke wopanda thabwa amangolowa m'matope, galimoto osasuntha. Mukakweza tayala limodzi n'kudzaza dzenje lake ndi miyala, kenako linalo, galimoto imadzuka yokha. Jeke wamtali uja wa Hi-Lift amaoneka bwino atamangidwa padenga, koma malire ake ndi makilogalamu pafupifupi 2,100, amafuna bampa yachitsulo yokhala ndi pogwira, ndipo mpini wake ukapulumuka umamenya chibwano. Ngati palibe anakuphunzitsani kumugwiritsa ntchito, msiyeni m'sitolo.

Pali chinanso chaulere chimene chimaiwalika: tsitsani katundu. Matumba 20 aja akatsika, tani yatsika. Kutsitsa ndi kukwezanso ndi ntchito ya ola limodzi. Kusintha kilatchi yopsa ndi ntchito ya masiku, kuphatikiza ulendo wokasaka sipeya ku Lilongwe kapena ku Chipata.

Pomangirira ndiye pali imfa

Zonsezi zikakanika, mwafika pokoka. Apa ndipempheko kuti muwerenge modekha.

Lamba wokokera amene watamuka ali ngati legeni ya mwana wosaka mbalame. Kanthu kalikonse kachitsulo kakathyoka kumapeto kwake, kamasanduka mwala wa legeniyo. Kusiyana kwake n'kwakuti mwalawu ukulemera kilogalamu imodzi kapena awiri, ndipo ukulunjika pa galasi la galimoto inayo kapena pa gulu la anthu oonerera.

Chimpira chachitsulo chokokera ngolo kumbuyo kwa galimoto, chija amati tow ball, musakolekepo lamba ngakhale wina akulumbirireni kuti amatero masiku onse. Chinapangidwa kuti chizikoka mosalala pamsewu. Chikagwedezedwa mwadzidzidzi chimaduka pakhosi, ndipo chapha madalaivala m'maiko angapo. Timbedza tating'ono ta pansi pa magalimoto ochokera ku Japan natonso tisakunyengeni. Tambiri ndi tomangira galimoto kuti isagwedezeke m'sitima ya pamadzi popita ku Dar es Salaam kapena ku Durban. Bampa, chitsulo cha chiwongolero ndi masipuling'i si pomangirira.

Chofunika ndi zokolekera zopangidwira ntchitoyi, zolembedwa mphamvu yake, zomangidwa ku chassis ndi mabawuti olimba. Yang'anani m'buku la galimoto kuti mudziwe ngati ili nazo kale. Ngati ilibe, gulani ndipo akumangireni makaniko wodziwa. Kachitsulo kowotcherera pa msika, kaya wowotchererayo ndi mnzanu wa ku pulayimale, palibe amene anakayesa kuti kamaduka pa matani angati. Galimoto yopanda pomangirira pabwino siyenera kugulidwa lamba. Yambani ndi pomangirira.

Lamba: wamkulu kwambiri si wabwino kwambiri

Malamba alipo a mitundu iwiri ndipo sasinthana ntchito. Wina satamuka, ndi wokokera pang'onopang'ono. Wina ndi wa nayiloni, amatamuka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kutalika kwake n'kubwerera, ndipo kubwererako ndi kumene kumazula galimoto. Ameneyu m'masitolo amamutcha snatch strap. Palinso chingwe chopota chogwira ntchito yomweyo, chimene chimatamuka kuposa pamenepo.

Ku Australia, kumene anthu afapo ndi malamba amenewa, boma linaika lamulo, lomwe linakonzedwanso mu 2017, lakuti lamba aliyense wotere azigulitsidwa atalembedwa mphamvu yake ndi chenjezo. Malangizo ake ndi akuti mphamvu imene lamba amadukira ikhale kawiri mpaka katatu kwa GVM, ndipo muziwerengera galimoto yopepukirapo mwa ziwirizo. Tiyeni tichite samu. Galimoto ya makilogalamu 3,300 ikufuna lamba wa pakati pa 6,600 ndi 9,900. Ndiye kuti wolembedwa 8,000 kg ndi woyenera. Wa 11,000 kg ndi wa galimoto zolemera kuposa pamenepo.

N'chifukwa chiyani osangogula wamkulu kuti mtima ukhale m'malo? Chifukwa lamba wolimba kwambiri satamuka mokwanira pa galimoto yopepuka. Kugwedeza konse kumapita ku chassis ndi ku zokolekera. Kuli bwino aduke lamba, amene ndi nsalu, kusiyana n'kuti chiduke chitsulo.

Lamba wopanda chizindikiro cha mphamvu yake msiyeni, kaya mtengo wake ndi wokoma chotani. Wokhala ndi mbedza zachitsulo kumapeto ndi wokokera galimoto yofa pa tara, osati wozulira m'matope. Malamba omangira mabelo a fodya pa lole ndi omangira basi. Dziwaninso kuti nayiloni amafooka akanyowa, akadzaza mchenga kapena akakhalitsa padzuwa. Mukabwera kuulendo mtsukeni ndi madzi, mumuyanike pamthunzi, muone ngati sanayambe kuthetheka.

Polumikiza lamba ndi galimoto pamafunika shackle. Yachitsulo yoyenera imakhala ndi zilembo WLL ndi nambala zodindidwa pathupi pake. Pa galimoto za matani atatu, yodziwika ndi ya WLL 4.75 t. Musasokoneze nambala ziwirizi: ya pa lamba imanena pamene amadukira, ya pa shackle imanena katundu amene ingagwire bwinobwino tsiku ndi tsiku, ndipo podukira pake ndi patali kangapo. Masiku ano kuli ma shackle achingwe, opepuka, amene akaduka saponya chitsulo. Amangodana ndi m'mphepete mwakuthwa. Chinthu chimodzi musachite n'kulumikiza malamba awiri ndi shackle yachitsulo pakati. Kumeneko n'kuika mwala mu legeni ndi dzanja lanu.

Thirakitala ya pa esiteti

Tinene zoona, ku Mkanda wokupulumutsani nthawi zambiri sakhala 4x4 inzake ya ziwiya zonyezimira. Amakhala thirakitala ya pa esiteti yoyandikana, ndipo imabwera ndi tcheni. Thirakitala ili ndi mphamvu zokwanira kung'amba kutsogolo kwa galimoto yanu n'kupita nako, galimoto n'kutsala pomwepo. Tcheni sichitamuka ngakhale pang'ono. Choncho pamenepa palibe zothamanga. Tcheni chiyambe chakungika, thirakitala ilowe giya yotsikitsitsa, ikoke ngati ikulima. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya kugwedezako imawirikiza kanayi. N'chifukwa chake ndi bwino kukhala ndi lamba wanu wosatamuka, kuti musadalire tcheni chadzimbiri cholumikizidwa ndi waya.

Kokerani kumene galimoto inachokera ngati n'kotheka, chifukwa njira ya kumbuyo mukuidziwa kale. Ndipo kumbani kaye ngakhale thirakitala yafika.

Nanga winch?

Winch ndi yabwino kwa amene amayenda yekha m'tchire sabata ndi sabata. Kawerengedwe kake ndi GVM kuchulukitsa ndi 1.5. Pa galimoto ya makilogalamu 3,300 zikupereka 4,950, ndiye mukufuna yolembedwa 12,000 lb, yomwe ndi makilogalamu pafupifupi 5,400. Nambala imeneyo imagwira pamene chingwe chatambasulidwa pafupifupi chonse. Chikakhala chokulungidwa kwambiri mphamvu imatsika.

Koma winch siyenda yokha. Imafuna bampa kapena chitsulo choikhazikapo, ndipo ziwirizi pamodzi zimatha kuwonjezera makilogalamu 100 pamphuno pa galimoto. Ikamakoka mwamphamvu imamwa ma amp oposa 400, choncho batire lofooka silingathe. Imafuna magolovesi, lamba wokulunga pamtengo kuti usasupuke khungwa, ndi kagudumu kobwezera chingwe kamene kamawirikiza mphamvu kawiri. Koposa zonse imafuna pomangirira. Imani pakati pa dambo la kufupi ndi Rusa kapena Bua muyang'ane uku ndi uku. Mtengo waukulu uli kuti? Njira imene imatsala ndi kukumba dzenje lakuya n'kukwirira tayala la sipeya kuti likhale nangula. Mwaona? Tabwereranso ku fosholo.

Anthu obwera kudzathandiza

Mavidiyo a kunja amaonetsa galimoto ziwiri m'chipululu chopanda munthu. Kwathu kuno galimoto ikangolira m'matope, mphindi khumi sizitha anthu asanafike. Anyamata ndi makasu, amayi ochokera kudimba, ana a sukulu ambirimbiri. Mutu umodzi susenza denga, ndipo manja amenewa atulutsa magalimoto ambiri kuposa winch iliyonse. Koma moyo wawo uli m'manja mwanu, poti ndinu mukudziwa chimene lambayo angachite.

Pokoka, aliyense ataluke mtunda woposa kutalika kwa lamba kamodzi ndi theka, ndipo aime cham'mbali. Lamba wa mamita 9 ndiye kuti mamita 14. Pemphani munthu wamkulu wa pamudzipo kuti ndiye abweze ana, chifukwa iye amumvera msanga kuposa mlendo. Pasakhale wokankha kumbuyo pamene lamba akukoka. Pasakhale wodumpha lamba wokungika. Wopereka zizindikiro akhale mmodzi, osati khamu lonse kukuwa. Ponyani bulangete lonyowa kapena saka lolemera pakati pa lamba kuti akaduka agwere pansi. Kumbukirani kuti chipatala chachikulu chili pa boma la Mchinji, ndipo msewu wopita kumeneko ndi womwewu wakukanikaniwu.

Za ndalama gwirizanani musanayambe, mwaulemu, ndipo khalani ndi ndalama zing'onozing'ono m'thumba. Kufupi ndi malire foni imatha kudumphira pa netiweki ya ku Zambia, ndiye Airtel Money kapena Mpamba ikhoza kukukhumudwitsani pa nthawi yolipira. Mukatuluka kwirirani maenje amene mwakumba ndi kuchotsa mitengo ndi miyala. Pambuyo panu pakubwera wa kabaza atanyamula mayi wodwala. Ngati mwadutsa m'munda mwa munthu, mufuneni mwini wake mukambirane. Msewu umenewo mudzaudutsanso.

Ndalama zikamabwera pang'onopang'ono

Ziwiya zambiri za mtunduwu zimachokera ku South Africa, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake siyoseweretsa. Ndiye gulani motsatana. Mwezi uno fosholo, khasu, masaka, thabwa, magolovesi ndi tochi. Kenako geji ndi kompuresa. Kenako jeke wabwino. Mukatero zokolekera za ku chassis, ndipo pambuyo pake lamba ndi ma shackle. Winch idikire mpaka mutaona kuti zinazi zikukuperewerani. Ngati mukutuma m'bale wa ku Johannesburg, mtumizireni chithunzi cha kachitsulo ka GVM pa WhatsApp, ndipo iye akutumizireni chithunzi cha chizindikiro cha pa lamba asanalipire.

Ngati galimotoyo ndi ya kuntchito kapena yobwereka, tsegulani kumbuyo muone zimene zilimo musananyamuke. Gwadani muyang'ane pomangirira kutsogolo ndi kumbuyo. Funsani mmene 4x4 yake imalowera, chifukwa zina zimafuna mutsike mukatembenuze maloko a pa matayala akutsogolo, ndipo zimenezi zimachitika musanalowe m'matope. Pa dambo lililonse lokayikitsa imani, vulani nsapato, yendanimo ndi ndodo. Funsani wa ngolo kapena wa njinga amene wangodutsa kumene, iyeyo ndiye akudziwa mbali yolimba. Madzi othamanga ofika m'mawondo musalimbane nawo, dikirani aphwe.

Ndipo tayala likangoyamba kuzungulira pamalo amodzi, chotsani phazi pa moto nthawi yomweyo. Masekondi khumi oumirira ndi amene amasandutsa ntchito ya fosholo kukhala ntchito ya thirakitala.